Kodi n'chifukwa chiyani bondi yokoka kwambiri maelekitironi si imene imaduka msanga?

Wowerenga wina amene akuphunzira kemisitiri watilembera za ma halogenoalkane, mamolekyu amene kaboni wake wamangika ndi halogen (fluorine, chlorine, bromine kapena iodine), motere: "Mutu wa ma halogenoalkane wandizunguza. Tinaphunzira kuti fluorine amakoka maelekitironi kuposa atomu ina iliyonse, kotero ndinkaganiza kuti bondi ya C–F ndiyo iyenera kutsogola pa chilichonse. Koma m'buku langa muli tebulo losonyeza kuti dipole moment ya chloromethane ndi yaikulu pang'ono kuposa ya fluoromethane. Komanso titayesa mu labotale ndi silver nitrate, chubu cha 1-iodobutane ndicho chinayamba kusintha, chikhalirecho iodine ndiye wofooka pokoka. Pa mayeso ndinalemba kuti 1-chlorobutane iyenera kuchita msanga chifukwa kaboni wake ali ndi δ+ wamkulu, ndipo anandichongera kuti ndalakwa. Kodi bukulo lalakwitsa, kapena ndine amene sindikumva?"

Bukulo silinalakwitse, ndipo inunso mutu wanu ukuyenda bwino. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa phunziroli, funso limeneli silinalepherepo kubwera, ndipo kawirikawiri limachokera kwa ophunzira amene amawerenga manambala a m'matebulo ndi diso lakuthwa, pamene anzawo amangoloweza ziganizo zimene zili pansi pa tebulolo. Chimene chakusokonezani n'chakuti pali zinthu zitatu zosiyana zimene mwazimanga mtolo umodzi. Choyamba ndi mphamvu ya atomu yokokera maelekitironi kwa iyo, chachiwiri ndi dipole moment ya molekyu yonse, ndipo chachitatu ndi kulimba kwa bondi. Zitatuzi ndi zapachibale ndithu, koma sizimvera lamulo limodzi, ndipo aliyense amene amayembekezera kuti ziziyenda mondondozana amagwa m'mbuna imene mwagwamoyi.

Tiyambe ndi electronegativity. Mawuwa amatanthauza mphamvu imene atomu ili nayo yokokera kwa iyo maelekitironi awiri amene ikugawana ndi inzake mu bondi. Sikelo imene mabuku ambiri amagwiritsa ntchito inachokera kwa Linus Pauling, amene anaifalitsa mu 1932 atayerekezera mphamvu za mabondi osiyanasiyana. Pa sikeloyo fluorine ali pa 3.98, chlorine pa 3.16, bromine pa 2.96, iodine pa 2.66, kaboni pa 2.55, ndipo haidirojeni ali pa 2.20. Manambalawa alibe muyeso wotsatira kumbuyo kwake ngati mamita kapena magalamu, pakuti ntchito yawo ndi yongoyerekezera atomu ina ndi inzake. Chifukwa chimene amatsikira kuchokera pa fluorine mpaka pa iodine n'chosavuta kuchimvetsa. Fluorine ali ndi mapulotoni 9 okha, koma maelekitironi ake ali m'mashelo awiri, kotero kuti maelekitironi a mu bondi amakhala pafupi kwambiri ndi nyukiliyasi ndipo palibe zambiri zowatchinga. Iodine ali ndi mapulotoni 53, koma ali ndi mashelo asanu, ndipo maelekitironi a mu bondi amakhala kutali, kuseri kwa khamu la maelekitironi a m'kati amene amaphimba chikoka cha nyukiliyasi.

Mukachotsera nambala ya kaboni pa nambala ya halogen iliyonse mupeza 1.43 pa C–F, 0.61 pa C–Cl, 0.41 pa C–Br ndi 0.11 pa C–I. Taonani bwino nambala yomalizayo. Kusiyana kwa kaboni ndi haidirojeni ndi 0.35, ndipo bondi ya C–H timaiona ngati yopanda mbali yolemera, chikhalirecho kusiyana kwa kaboni ndi iodine ndi kochepa kuposa pamenepo. Nambala imeneyi payokha ikanayenera kukuchenjezani kuti changu cha 1-iodobutane sichingachokere ku electronegativity.

Bondi ikakhala pakati pa maatomu awiri osiyana mphamvu yokoka, maelekitironi amapendekera kwa wamphamvuyo. Zili ngati anthu awiri amene afunda bulangeti limodzi usiku wozizira: bulangetilo likadali la onse, koma wina walikokera mbali yake ndipo mnzakeyo msana uli pamtunda. Halogen amatsala ndi kachaji kochepa ka negative kamene timalemba kuti δ−, ndipo kaboni amatsala ndi kachaji kochepa ka positive, δ+. Palibe elekitironi imene yasamukiratu monga zimachitikira mu sodium chloride. Pa mfundo iyi munalondola, chifukwa kupendekeraku n'kwakukulu pa C–F ndipo kumanka kuchepa mpaka pa C–I.

Tsono dipole moment ndi nkhani ina. Iyo imapezeka pochulukitsa zinthu ziwiri, kukula kwa chaji chimene chalekanitsidwa ndi mtunda umene uli pakati pa mbali ya positive ndi mbali ya negative. Imayezedwa mu debye, dzina lochokera kwa Peter Debye amene analandira mphoto ya Nobel mu 1936, ndipo chizindikiro chake ndi D. Amene anamasulapo nati yolimba amadziwa kuti munthu wa mphamvu zochepa wokhala ndi sipanala yaitali amatha kufanana ndi chimphona chogwira sipanala yaifupi. Bondi ya C–F ndi yaifupi, pafupifupi mapikomita 139, pamene C–Cl ndi 178, C–Br pafupifupi 194, ndipo C–I ndi 214. Fluorine amapambana pa chaji koma amagonja pa mtunda, ndipo ziwirizi zikachulukitsidwa chloromethane imatuluka ndi pafupifupi 1.87 D, fluoromethane 1.85 D, bromomethane 1.82 D ndi iodomethane pafupifupi 1.62 D. Mabuku amasiyana pang'ono pa manambala a kumapetowa malinga ndi njira imene anayezera, ena amalemba 1.86 kapena 1.90 pa chloromethane, koma amagwirizana kuti chloromethane ili patsogolo pang'ono.

Ndikufuna kuti muwerengere nokha, chifukwa chimene munthu wachipeza ndi pensulo yake sachiiwala. Elekitironi imodzi yathunthu italekanitsidwa ndi chaji chofanana nacho cha positive pa mtunda wa mapikomita 100, dipole moment yake ingakhale 4.80 D. Ndiye kuti bondi ya C–F ikanakhala kuti elekitironi yasamukiratu, tikanapeza 4.80 kuchulukitsa ndi 1.39, imene ndi pafupifupi 6.7 D. Koma imene timayeza ndi 1.85 D, ndipo mukagawa 1.85 ndi 6.7 mupeza pafupifupi 0.28. Mukachita chimodzimodzi ndi chloromethane mugawa 1.87 ndi 8.5 ndipo mupeza pafupifupi 0.22, pamene iodomethane ikupatsani pafupifupi 0.16. Ndondomeko imene munkayembekezera ija yabwerera, fluorine ali patsogolo pa chaji, ndipo tebulo la m'buku lanu silikutsutsana nayo. Ndikuchenjezeni pokha kuti kawerengedwe aka n'kongoyerekeza. Chimene chimayezedwa ndi molekyu yonse, momwe mulinso mabondi atatu a C–H komanso maelekitironi a halogen amene sali mu bondi, ndipo zonsezi zimaponyapo gawo lake. Musalembe manambala atatuwa ngati chaji chenicheni cha maatomuwo, koma muwagwiritse ntchito poona kumene zinthu zikulowera.

Popeza dipole moment ndi ya molekyu yonse, kaimidwe ka maatomu kamalowererapo kwambiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya malikisi. Mukawonjezera chlorine wachiwiri pa kaboni yemweyo mupeza dichloromethane, ya 1.60 D. Wachitatu akabwera, trichloromethane imatsikira pa 1.04 D, ndipo tetrachloromethane, imene ili ndi mabondi anayi a C–Cl, dipole moment yake ndi 0. Bondi iliyonse mwa inayiyo ikadali yopendekera monga kale, koma zayang'ana ku ngodya zinayi za tetrahedron ndipo zikukoka mofanana, kotero kuti kukokako kumathetsana. Zomwezi zimaoneka pa 1,2-dichloroethene. Maatomu awiri a chlorine akakhala mbali imodzi ya bondi yapawiriyo, mtundu umene timautcha cis, molekyu imakhala ndi pafupifupi 1.9 D ndipo imawira pa 60 °C, koma akakhala mbali zotsutsana, mtundu wa trans, dipole moment imatheratu ndipo imawira pa 48 °C. Pa mkombero wa benzene namonso, 1,2-dichlorobenzene ili ndi pafupifupi 2.5 D pamene 1,4-dichlorobenzene ilibe. Choncho pa mayeso muzisiyanitsa mawu anu mosamala: bondi ikhoza kukhala polar (yopendekera) mu molekyu imene si polar.

Chitsanzo cha dichloroethene chija chisakupangitseni kuganiza kuti dipole moment ndiyo imalamula kuwira nthawi zonse. Kumeneko mamolekyu awiriwo ndi ofanana kulemera ndi kuchuluka kwa maelekitironi, kotero dipole ndiyo yokha yatsala kuti iwasiyanitse. Mukasintha halogen nkhani imatembenuka. Fluoromethane imawira pa −78 °C, chloromethane pa −24 °C, bromomethane pa 4 °C, ndipo iodomethane, imene dipole yake ndi yaing'ono kuposa zonse, imawira pa 42 °C. Chimene chikulamula apa ndi mphamvu za London, zimene zimakula molingana ndi kuchuluka kwa maelekitironi ndi kufewa kwa mtambo wawo. Mamolekyu anayiwa ali ndi maelekitironi 18, 26, 44 ndi 62 motsatana. Mtambo wa maelekitironi a iodine ndi waukulu ndipo nyukiliyasi siugwira zolimba, motero umapotoka mosavuta molekyu ina ikayandikira, khalidwe limene limatchedwa polarizability. N'chifukwa chakenso tetrachloromethane yopanda dipole ija imawira pa 77 °C, kuposa trichloromethane imene imawira pa 61 °C. Mawu awiriwa, polarity ndi polarizability, amamveka ngati amodzi m'khutu, koma m'gulu la ma halogen amayenda mosemphana, wina akamatsika wina akukwera.

Tsopano tibwere ku machubu anu aja. Ndikhulupirira munaika madontho a 1-chlorobutane, 1-bromobutane ndi 1-iodobutane m'machubu atatu okhala ndi ethanol, munawaviika m'madzi otentha pafupifupi 60 °C, kenako munathiramo silver nitrate wosungunulidwa m'madzi. Ethanol amaikidwamo chifukwa ma halogenoalkane sasakanikirana bwino ndi madzi, ndipo popanda iye mukanangoona timadontho ta mafuta tili patokha. Amene akuukira kaboni m'machubumo ndi madzi enieniwo, kudzera mwa maelekitironi a okosijeni amene sali mu bondi. Silver sangapange matope ndi halogen amene akadali womangika kwa kaboni, amadikira mpaka bondi iduke ndi kutulutsa halide ion (halogen wosenza chaji cha negative), ndipo pamenepo m'pamene chubu chimayamba kuchita mtambo. Cha iodine chimayamba, ndi matope achikasu a silver iodide. Cha bromine chimatsatira ndi mtundu wotuwira ngati kirimu, ndipo cha chlorine chimatenga nthawi yaitali mwakuti ophunzira ena amatopa nacho asanaone kuyera kwa silver chloride. Wotchi imene munagwira tsiku limenelo inkayeza chinthu chimodzi basi, changu chimene bondi ya kaboni ndi halogen ikudukira.

Nanga kudukako kumadalira chiyani? Kumadalira kwambiri kulimba kwa bondiyo. Kuti mudule mole imodzi ya mabondi a C–F pamafunika pafupifupi makilojulu 480, pa C–Cl pafupifupi 340, pa C–Br pafupifupi 280, ndipo pa C–I pafupifupi 230. Apanso mabuku amasiyana ndi makilojulu angapo chifukwa ambiri amapereka avereji ya mamolekyu osiyanasiyana, koma ndondomekoyo sisintha. Atomu ya iodine ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi kaboni, ma orbital awo (malo amene maelekitironi amakhala) salowana mokwanira, ndipo bondi imatuluka yaitali ndi yofooka. Fluorine ndi kaboni ali mu mzere umodzi wa periodic table, ma orbital awo amalowana bwino, ndipo pamwamba pa izo δ+ ndi δ− zija zimakokananso ngati chaji chosiyana. Mfundo yomalizayi muigwiritsitse, pakuti ndi imene imadabwitsa ophunzira ambiri: kupendekera kwakukulu kwa bondi ya C–F kumaiwonjezera kulimba, kotero kuti chinthu chomwecho chimene munkaganiza kuti chiifulumizitsa ndicho chimathandiza kuimanga.

Pali chifukwa chachiwiri chimene chimayendera limodzi ndi choyambacho. Halogen akachoka amatenga maelekitironi onse awiri a mu bondi, ndipo amachoka mosavuta ngati angathe kusenza chaji cha negative payekha popanda vuto. Iodide ion ndi yaikulu, chajicho chimamwazikana pamalo aakulu, ndipo imakhazikika bwino. Fluoride ion ndi yaing'ono, chaji chimaunjikana pamodzi, ndipo imafunitsitsa kugwirananso ndi chinthu china. Umboni wake mukuudziwa kale kuchokera ku phunziro la ma asidi: HI, HBr ndi HCl ndi ma asidi amphamvu amene amamasula haidirojeni wawo kotheratu m'madzi, pamene HF ndi asidi wofooka wa pKa (nambala yoyezera mphamvu ya asidi) pafupifupi 3.2. Gulu limene limasiya haidirojeni mosavuta limasiyanso kaboni mosavuta. Kufewa kwa mtambo wa iodine kuja kumathandizanso, chifukwa nucleophile (chinthu choukira kaboni ndi maelekitironi ake, monga madzi aja) ikamayandikira kaboni maelekitironi a mu bondi amakankhikira kwa iodine mosavuta, ndipo δ+ amene anali wochepa amakula pa nthawi yomwe akufunikayo.

Choncho δ+ wa pa kaboni amakuuzani malo amene nucleophile idzagunde, koma sakuuzani nthawi imene idzatenge kuti ilowe. Yankho limene woyesa ankafuna likanayenda motere: 1-iodobutane imachita msanga kuposa zinzake chifukwa bondi ya C–I ndiyo yofooka, ndipo ngakhale bondi ya C–Cl ili yopendekera kwambiri, zotsatira za kuyesaku zikusonyeza kuti kulimba kwa bondi kumaposa kupendekera pa nkhani ya changu. Ine ndikamachonga, wophunzira amene watchula mbali zonse ziwiri ndi kunena imene yapambana ndimamuona kuti wamvetsa kuposa amene wangolemba za kufooka kwa bondi, ngakhale onse awiri angapeze malikisi. Mwina mungafunse chifukwa chake panalibe chubu cha fluorine. Bondi ya C–F sikanaduka pa kutentha kumeneko, ndipo ngakhale ikanaduka simukanaona kanthu, pakuti silver fluoride amasungunuka m'madzi.

Ndinaonapo tsiku lina machubu onse atatu akuyera nthawi imodzi silver nitrate atangogwera, ndipo kalasi yonse inalemba mokondwa kuti ma halogenoalkane onse amachita mofanana. Titafufuza tinapeza kuti machubuwo anatsukidwa ndi madzi a pampopi, amene amakhala ndi chloride ion, ndipo sanatsukuluzidwe ndi madzi oyeretsedwa bwino a mu labotale (distilled water). Ena amagwiritsa ntchito sodium hydroxide m'malo mwa madzi n'kuiwala kuthira nitric acid asanaike silver nitrate, ndipo amangoona matope oderako a silver oxide amene amaphimba chilichonse. Zotsatira zikakudabwitsani, yambani mwafunsa za ukhondo wa ziwiya musanayambe kukayikira buku.

Kuti musachoke pano ndi lamulo lina loloweza, ndiwonjezere kuti mtundu wa halogen si wokha umene umalamula changu. Mukatenga 2-chloro-2-methylpropane, imene kaboni wake wonyamula chlorine wazunguliridwa ndi magulu atatu a methyl, matope oyera amabwera mofulumira ngakhale osatenthetsa, chikhalirecho halogen ndi chlorine yemweyo amene anakuchedwetsani mu 1-chlorobutane. Edward Hughes ndi Christopher Ingold, amene ankagwira ntchito ku University College London m'zaka za m'ma 1930, anasonyeza kuti pali njira ziwiri. Mu njira imene anaitcha SN2, nucleophile imalowera kumbuyo kwa kaboni pa nthawi yomweyo imene halogen akuchoka kutsogolo, ndipo imafuna kaboni wopanda zotchinga zambiri. Mu njira ya SN1, halogen amayamba wachoka yekha n'kusiya carbocation (kaboni wosenza chaji cha positive), imene imakhazikika bwino ikazunguliridwa ndi magulu atatu a alkyl. N'chifukwa chake poyerekezera ma halogen mphunzitsi wanu anasankha ma butane atatu ofanana msana, kuti chosiyana chikhale halogen yekha.

Kodi ndiye kuti electronegativity ilibe ntchito? Ayi, ili nayo, ndipo imaonekera bwino pamene bondi ya kaboni ndi halogen sikufunika kuduka. Halogen akakoka maelekitironi kwa kaboni, kaboniyo naye amakoka pang'ono kwa mnzake woyandikana naye, ndipo kukokaku, kumene kumatchedwa inductive effect, kumayenda mu unyolo. Ethanoic acid ili ndi pKa ya 4.76. Mukachotsa haidirojeni mmodzi pa gulu la methyl ndi kuikapo iodine, pKa imatsikira pa 3.18, bromine imaifikitsa pa 2.90, chlorine pa 2.86, ndipo fluorine pa 2.59. Pajatu pKa ikatsika ndiye kuti asidi wakula mphamvu, ndipo apa ndondomeko ikutsatira sikelo ya Pauling ndendende, chifukwa halogen akungothandiza kumwaza chaji cha negative chimene chimatsala asidi akataya haidirojeni. Mukaika maatomu atatu a chlorine, pKa imagwera pansi pa 1. Koma chikokacho chimazirala msanga ndi mtunda. Butanoic acid ili pa 4.82, ndipo chlorine akakhala pa kaboni wachiwiri pKa ndi 2.86, pa wachitatu 4.05, pa wachinayi 4.52, kutanthauza kuti pofika apo wangotsala pang'ono kusamvekanso.

Kaboni naye si wofanana kulikonse. Nambala ya 2.55 ija ndi yongoimira onse, koma kaboni wa sp2, monga wa mu mkombero wa benzene kapena wa pa bondi yapawiri, amagwira maelekitironi ake pafupi ndi nyukiliyasi kuposa wa sp3 (wopanda bondi yapawiri, monga wa mu chloromethane), motero amalimbana ndi chlorine mwamphamvu pang'ono. Kuwonjezera apo, maelekitironi a chlorine amene sali mu bondi amalowerera pang'ono mu mtambo wa pi umene uli pafupi, ndipo izi zimabweza gawo la chaji ndi kufupikitsa bondi. N'chifukwa chake chloroethane ili ndi pafupifupi 2.05 D pamene chloroethene ili ndi 1.45 D, ndipo bondi ya C–Cl mu chlorobenzene ndi yaifupi, pafupifupi mapikomita 174. Mukaika chlorobenzene m'chubu chanu cha silver nitrate mudzadikira tsiku lonse osaona kanthu. Kuti chlorine achoke pamenepo ndi sodium hydroxide, mafakitale ankafunika kutentha kopitirira 300 °C ndi presha yaikulu.

Kunja kwa labotale kusiyana kwa mabondiwa kwaonekera m'njira zazikulu. PTFE, pulasitiki imene Roy Plunkett anaitulukira mwangozi mu 1938, ndi unyolo wa kaboni wokutidwa ndi fluorine, ndipo ngakhale bondi iliyonse ya C–F ili yopendekera koposa, pulasitikiyo siigwira pafupifupi mankhwala aliwonse. Mipweya ya CFC, monga CCl2F2, inkakondedwa m'mafiriji chifukwa cha kusachita kanthu komweko, koma ikafika m'mwamba kuwala kwa ultraviolet kumadula bondi ya C–Cl, imene ndi yofookerapo, n'kumasula maatomu a chlorine amene amaphwanya ozone. Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza za zimenezi mu 1974, ndipo pangano la ku Montreal la 1987 linayamba kuthetsa mipweyayo. Chitsanzo chimene ine ndimachikonda kwambiri ndi cha Victor Grignard, amene mu 1900 anasonyeza kuti magnesium amatha kulowa pakati pa kaboni ndi halogen mu ether wouma. Magnesium ali pa 1.31 pa sikelo ya Pauling, kotero kaboni yemwe uja amene anali δ+ pafupi ndi bromine amasanduka δ− pafupi ndi magnesium, ndipo amene ankaukiridwa amayamba kuukira anzake. Grignard analandira mphoto ya Nobel mu 1912 chifukwa cha ntchitoyi.

Pa za kumene mungapite kuchokera pano, ndikulangizani kuti mutenge pepala lanu la mayeso lija mupite nalo kwa mphunzitsi wanu, osati kukapempha malikisi, koma kuti mulembenso yankholo pamaso pake ndipo akuuzeni ngati mawu anu akugwirizana ndi zimene bungwe loyesa limafuna. Mumufunsenso kuti ndi tebulo liti la manambala limene limaloledwa pa mayeso, chifukwa mukasakaniza mphamvu za mabondi zochokera m'mabuku awiri osiyana kawerengedwe kanu kadzasokonekera popanda chifukwa. Ngati mukufuna kudziwa mwakuya chifukwa chimene nucleophile imalowera kumbuyo kwa kaboni, kapena gawo lenileni limene maelekitironi a halogen osalowa mu bondi amaponya pa dipole moment, pamenepo mwafika pa molecular orbital theory, ndipo mudzafunika buku la msinkhu wa yunivesite kapena mphunzitsi amene angakujambulireni ma orbital pa bolodi, chifukwa sikelo ya Pauling payokha singakufikitseni kumeneko.

Ndipo chidwi chikakukokani kuti muyesenso nokha, musachite zimenezi popanda woyang'anira labotale. Kufooka kwa bondi ya C–I kumene kunakupatsani matope achikasu msanga ndi komwekonso kumachititsa iodomethane kukhala yoopsa m'thupi, pakuti imamata gulu la methyl pa mapuloteni ndi pa DNA mosavuta monga imachitira ndi madzi m'chubu. Tetrachloromethane imawononga chiwindi, ndipo trichloromethane ikakhalitsa pa kuwala ndi mpweya imapanga phosgene, n'chifukwa chake imasungidwa m'mabotolo oderako. Mankhwalawa azitsegulidwa m'kabati yokoka utsi, kutali ndi lawi la moto popeza ethanol amayaka, ndipo zotsala zake zizithiridwa mu botolo lake la zinyalala zokhala ndi halogen, osati mu sinki. Akakudontherani pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15 ndipo muuze woyang'anira nthawi yomweyo. Mukamva chizungulire, mutu, nseru kapena kubanika mutapuma mpweya wake, tulukani panja ndipo mukaonane ndi achipatala tsiku lomwelo, mutatenga dzina lenileni la mankhwalawo lolembedwa papepala.